Kuchuluka kwa Mboni Si Choonadi

Masiku ano munthu akafuna kugula katundu, kuonera kanema kapena kupeza malo odyera, amafunsa makina a pa intaneti, ndipo makinawo amamsankhira potsata nyenyezi ndi maumboni amene ena anapereka. Ena amati makina asamaweruze, azingowerenga mawu onse mofanana, popeza mutu umodzi susenza denga. Abale, maganizo amenewa ngosokeretsa.

Mu 2017 mtolankhani Oobah Butler analembetsa pa TripAdvisor kanyumba kamatabwa kamene ankakhalamo ku London ngati malo odyera. Anzake anatamanda chakudya chimene sichinaphikidwe n'komwe, ndipo chaka chomwecho kanyumbako kanakhala koyamba pakati pa malo odyera oposa 18,000 a mumzindawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Mu 2015 Amazon inasumira anthu oposa 1,000 ogulitsa maumboni onama. Mu 2019 khamu linanyoza kanema wa Captain Marvel pa Rotten Tomatoes asanaonetsedwe n'komwe, mpaka eni ake anatseka ndemanga zotere nayamba kutsogoza mawu a amene anaguladi tikiti.

Ngakhale mboni yoona mtima imaphonya. Ofufuza anapeza kuti munthu mmodzimodzi, akamfunsanso patapita masiku, kawirikawiri amapatsa kanema yemweyo nyenyezi zosiyana.

Nanga mfumu iti pabwalo imagamula mlandu powerenga mitu ya ofuula? Imayamba yafunsa: kodi unalipo? Ndani wakutuma? Makinanso achite chimodzimodzi. Mawu a amene anaguladi chinthucho alemere koposa a wongodutsa. Dzina longobadwa dzulo, lotamanda chinthu chimodzi chokha, lisakhulupiridwe msanga. Mayamiko ofanana akasefukira usiku umodzi, ayambe aimitsidwa ndi kufufuzidwa. Ndipo nyenyezi za anthu atatu zisakweze chinthu pamwamba pa china chimene anthu mazana anachiyesa.

Wina adzati uku n'kutsekereza pakamwa anthu wamba. Iyayi! Pamene mawu onse awerengedwa osapimidwa, wopambana ndi mwini ndalama zogulira mboni. Wogwa ndi wamalonda wamng'ono amene chuma chake ndi mbiri yake yokha.

Tsono eni makina asabisale kuseri kwa masamu: kupima mboni ndi udindo wao. Nafenso m'mabanja mwathu tiphunzitse ana kuti kupereka nyenyezi pa chimene sunachione, ngakhale pofuna kuthandiza mbale, ndi umboni wonama basi.