Munthu wovuta akamwalira, sizasi imagwira ndani?

Pa maliro a kwathu kuno, ikafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, aliyense amadziwiratu zimene zituluke. Adabadwa chaka chakuti, adaphunzira kwakuti, adali wokonda anthu, wasiya ana mwakuti. Kaya malemuyo adali wolusa moti ana ankabisala akangomva mapazi ake, zimenezo zimatsalira kwa adzukulu kumanda ndi kwa amayi kumaphikiro. Mwambowu sindikuunyoza, tsiku la maliro si tsiku la mlandu. Koma wopanga filimu ya mbiri ya munthu akatengera khalidwe lomweli, amangotitayitsa nthawi.

Sabata ino ndikufuna tikambe za filimu imene idakana kuchita zimenezo. Adaitsogolera ndi Chris McKim wa ku America, idatuluka mu 2020, ndipo ikufotokoza za moyo wa David Wojnarowicz, katswiri wopenta, wojambula zithunzi komanso wolemba, yemwe adamwalira ndi Edzi ku New York pa 22 July 1992 ali ndi zaka 37. Dzina lonse la filimuyi sindingalilembe m'nyuzipepala yowerenga ndi ana omwe. Ndi mawu otukwana amene anthu ankanyozera amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo mwini wakeyo adawatola pa kapepala kamene adakapeza, n'kuwasandutsa dzina la chithunzi chake china cha mu 1984.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwinya kale nkhope. Inde, Wojnarowicz adali mwamuna wokonda amuna anzake ndipo sankabisa. Kuno nkhani imeneyi ndi ya kupolisi, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidakana kufafaniza lamulolo. Mkangano umenewo sindiutsegula lero. Chimene chandikoka ndi funso la ntchito: munthu amene moyo wake wonse unali wokhumudwitsa akuluakulu, umamuika bwanji pa kanema osamusambitsa mpaka kusanduka munthu wina?

Adabadwa mu 1954 ku Red Bank, m'chigawo cha New Jersey. Bambo ake ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, ankamwa kwambiri ndipo ankamenya ana mwankhanza. Atasamukira kwa mayi ake ku Manhattan zinthu sizidakome, ndipo asanakwanitse zaka 20 adali atagonapo m'misewu, akumagulitsa thupi lake cha ku Times Square kuti adye. Ntchito imene idayamba kumudziwitsa ndi ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970: adapanga chigoba cha pepala cha nkhope ya mlakatuli wa ku France, Arthur Rimbaud, n'kumaveka anzake, n'kumawajambula m'sitima zapansi panthaka, m'malesitilanti otchipa ndi m'madoko osiyidwa a mtsinje wa Hudson. M'madoko momwemo, m'zinyumba zakugwa zimene eni ake adazithawa, ndi mmene ankapenta pa makoma popanda chilolezo cha wina aliyense. Ankaimbanso m'gulu lotchedwa 3 Teens Kill 4, ndipo chida chake nthawi zambiri chinali wailesi ya kaseti yotulutsa phokoso limene ankatola mumsewu. Pofika 1985 zithunzi zake zinali zitalowa m'chionetsero chachikulu cha Whitney Biennial, ndipo anthu andalama adayamba kumufunafuna, iye akuwanyansidwa.

Wailesi ya kaseti ija ndi imene yapulumutsa filimuyi. Wojnarowicz adali ndi chizolowezi cholankhula yekha pa kaseti: maloto amene walota usiku, mantha ake, zimene akuona pawindo akuyendetsa galimoto m'misewu itali-itali ya ku America. Ankasunganso makaseti a makina oyankha foni, aja anthu ankasiyamo uthenga mwini nyumba akachokapo. Atamwalira, katundu yenseyu, pamodzi ndi mabuku ake a tsiku ndi tsiku, makalata ndi mafilimu ang'onoang'ono, adakasungidwa ku laibulale ya Fales pa New York University. McKim adakakhala pansi kumeneko n'kumvetsera. Chimene adasankha pambuyo pake ndi chimene ndimamutamanda nacho: adalola kuti malemu adzifotokozere yekha. Anzake ndi achibale amene adafunsidwa mafunso, kuphatikizapo mlembi Fran Lebowitz, nthawi zambiri timangomva mawu awo, nkhope zawo zaukalamba sitiziona. Maso athu amakhala pa zithunzi za nthawi imeneyo. Palibe pulofesa wokhala pa mpando wofewa, kumbuyo kwake kuli mabuku, kumatiuza kuti malemu ankatanthauza chiyani. Amene amaonera mafilimu a mbiri pa kanema wathu akudziwa mpando umene ndikunenawu.

Filimu zamtunduwu sizidyetsa munthu. Iyi inkayenera kukaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu cha Tribeca mu 2020, koma Covid-19 idatseka zonse, ndiye idakatulukira ku DOC NYC chakumapeto kwa chakacho, kenako kampani ya Kino Lorber n'kuifalitsa mu 2021. Chondiseketsa n'chakuti kampani imene idaipanga, World of Wonder, ndi yomweyo imene imapanga pulogalamu yazonyezimira ndi nthabwala ya RuPaul's Drag Race, komwe McKim adagwirakonso ntchito. Nyumba imodzi, chipinda china akuvina, china akulira mokuwa.

Pakati pa nkhani yonseyi pali munthu mmodzi, Peter Hujar, katswiri wojambula zithunzi, wamkulu kwa Wojnarowicz ndi zaka 20. Adayamba ngati zibwenzi kwa kanthawi kochepa, kenako adasanduka ngati bambo ndi mwana. Hujar ndi amene adamuuza kuti zojambula zake asamataye, kuti iye ndi katswiri. Ndi yemweyonso amene adamuopseza kuti akapitiriza kudzibaya mankhwala ozunguza bongo ubale watha. Hujar adamwalira ndi Edzi pa 26 November 1987. Atangotsirizika, Wojnarowicz adapempha kuti atsale yekha m'chipinda cha chipatalacho, adatseka chitseko, n'kutulutsa kamera. Adajambula nkhope, pakamwa pali potseguka pang'ono ndi maso osatsekeka bwino. Adajambula dzanja. Adajambula mapazi. Kwa ife amene timathamangira kufunditsa thupi nsalu, izi n'zodzidzimutsa, ndipo ine ndemwe zimandivuta kuziyang'ana nthawi yaitali. Koma nthawi imeneyo mabanja ambiri ankalemba m'nyuzipepala kuti mwana wawo wamwalira atadwala nthawi yaitali, dzina la matenda osalitchula, ndipo Pulezidenti Ronald Reagan adatha zaka zambiri asanalankhule za mliriwu mozama pagulu. Zithunzi zija zinali umboni woti munthu uyu adaliko ndipo chidamupha ndi ichi. Chaka chotsatira Wojnarowicz nayenso adamupeza ndi kachilombo.

Kuchokera apo mkwiyo wake sudabwererenso m'chimake, ndipo ndi pamene sizasi za ena zidayamba kumulondola. Mu 1989 wojambula zithunzi Nan Goldin adakonza chionetsero chokhudza Edzi pa malo otchedwa Artists Space, ndipo Wojnarowicz adalemba nkhani m'kabuku ka chionetserocho yodzudzula mwaukali Kadinala John O'Connor ndi Senator Jesse Helms. Mkulu wa bungwe la boma lothandiza zaluso, John Frohnmayer, adalanda thandizo la madola 10,000. Anthu atachita phokoso adalibweza, koma adati ndalamayo isakhudze kabukuko.

Chaka cha 1990 chidabweretsa nkhani imene ine ndimaiona ngati phunziro kwa aliyense wogwira kamera. Wojnarowicz adali ndi zithunzi zikuluzikulu zosonyeza sitima, nkhalango, mlatho kapena mphepo ya kamvuluvulu, ndipo m'makona mwake ankaikamo timabwalo ting'onoting'ono, tina tosonyeza anthu akugonana, tina tosonyeza magazi monga amaonekera pa makina a kuchipatala, tina ndalama. M'busa Donald Wildmon wa bungwe la American Family Association adadula makamaka timabwalo ta kugonana, n'kutisindikiza pa kapepala, n'kutumiza kwa aphungu a nyumba ya malamulo ndi atsogoleri a mipingo, kuwauza kuti misonkho yanu ikulipirira zimenezi. Wojnarowicz adakamang'ala kukhoti. Khoti lidavomereza kuti kudula ntchito ya munthu motero n'kumaitchulabe kuti ndi yake ndi kuipotoza, lidaletsa kapepalako ndi kulamula Wildmon kuti atumize kalata yokonza. Chipepeso chake chinali dola imodzi. Onetsetsani bwino: Wildmon sadajambule chilichonse chabodza. Chilichonse chimene adasindikiza chinalidi m'zithunzizo. Bodza lidalowera pa zimene adataya.

Patatha zaka 18 mwini wake atamwalira, zidachitikanso. Mu 2010 nyumba ya zithunzi ya National Portrait Gallery ku Washington, yomwe ili pansi pa Smithsonian, idaika m'chionetsero chotchedwa Hide/Seek kachidutswa ka filimu yake ya A Fire in My Belly, imene adajambula mbali yaikulu ku Mexico ndipo sadaimalize. Mkati mwake muli masekondi 11 osonyeza nyerere zikuyenda pa mtanda wokhala ndi chifaniziro cha Yesu. Bill Donohue wa Catholic League adati uku ndi kunyoza Akhristu, aphungu John Boehner ndi Eric Cantor adakumbutsa nyumbayo komwe ndalama zake zimachokera, ndipo pa 30 November filimuyo idachotsedwa, mawa lake dziko lonse likukumbukira tsiku la Edzi. Mkhristu wokhumudwa ndi nyerere zimenezo ndikumumvetsa, sindinganene kuti akunamizira. Koma dziwaninso ichi, chimene oteteza Wojnarowicz sakonda kutchula: chimene chinkaonetsedwacho chinali cha mphindi 4 zokha, chodulidwa ndi okonza chionetsero, ataikamo phokoso limene mwini wake sadasankhe. Adani adadula masekondi 11 kuchokera pa mphindi 4 zimene abwenzi adadula kale.

Ndiye McKim nayenso wagwira sizasi, palibe kuchitira mwina. Makaseti a maola ambirimbiri sangalowe onse mu filimu yosakwana maola awiri. Chimene ndimayang'ana ine n'chakuti atatha kudula, munthu watsalayo akadali yemwe uja? Kwakukulu, inde. Timamumva akukalipa mpaka mawu kusasa, akunyoza ogula zithunzi zake, akuseka, akuopa imfa ngati mwana. Sadamusandutse woyera mtima wofera anthu, ndipo sadabise za kugonana kuti owonera asachite manyazi, zomwe zikadangokhala ntchito ya Wildmon yoyang'ana kumbali inayo. Pamene ndimadandaula ndi liwiro. Zithunzi za Wojnarowicz n'zodzaza, mapu apa, ndalama apa, nyerere, mawu olembedwa ting'onoting'ono, ndipo zimafuna kuti munthu aime. Filimuyi imaziwalitsa n'kuzichotsa msanga, nyimbo ikugunda, ngati ikuopa kuti titopa. Munthu amene adapita kukhoti chifukwa choti ntchito yake idaonetsedwa zidutswazidutswa ankayenera kupatsidwa mpata woti chithunzi chimodzi chikhale pamaso pathu chathunthu kwa nthawi yokwanira.

Wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Mu October 1988 gulu la ACT UP lidazinga likulu la FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, ku Rockville, kukakamiza kuti mankhwala a Edzi asamachedwetsedwe. Wojnarowicz adali pomwepo, kumsana kwa jekete lake kutalembedwa kuti akafa asavutike n'kumuika m'manda, akangotaya mtembo wake pa masitepe a bungwelo. Zimenezo sizidachitike ndendende, koma mu 1996 bwenzi lake Tom Rauffenbart adakawaza phulusa lake pa kapinga wa ku White House. Anthu a gulu lomweli ndi amene mu 1999 ankasokoneza misonkhano ya kampeni ya Al Gore, wachiwiri kwa pulezidenti wa America nthawi imeneyo, chifukwa boma la America linkapanikiza South Africa pa nkhani ya mankhwala otchipa. Sindikunena kuti ma ARV amene adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala zathu mu 2004 adabwera ndi iwo okha. Pali Treatment Action Campaign ya ku South Africa, pali makampani a ku India amene adagwetsa mitengo, pali Global Fund. Koma mu mzere wa anthu amene adakuwa mpaka zitseko kutseguka muli anthu amene ambiri a ife sitikadawalola kukhala pa mkeka wathu.

Lero zithunzi za Wojnarowicz zimagulidwa ndalama zimene iye sadazigwirepo, ndipo chithunzi chake cha njati zikugwera kuphompho chidafika m'nyumba zambiri kudzera pa chikuto cha nyimbo ya gulu la U2 mu 1992. Mu 2018 Whitney Museum idamukonzera chionetsero chachikulu cha ntchito za moyo wake wonse, m'nyumba yatsopano m'mphepete mwa Hudson, pafupi ndi pamene panali madoko akugwa aja. Usiku wina mamembala a ACT UP adalowa, n'kukaima pambali pa zithunzizo atanyamula nkhani za m'nyuzipepala za masiku amenewo zonena za HIV. Dandaulo lawo linali lakuti zolembedwa pa makoma zinkakamba za Edzi ngati nkhani imene idatha kalekale.