Mwana wa Mkango Sakulira Pakhonde

Pa 4 Okutobala Eklezia amakumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, amene Papa John Paul II anamuika mu 1979 kukhala nkhoswe ya onse osamala chilengedwe. Ife a kuno ku Chama tsiku limeneli limatikhudza kwambiri, pakuti minda yathu ya mpunga ndi chimanga inachita malire ndi thengo la Musalangu, ndipo tsidya lija la mtsinje wa Luangwa kuli nkhalango ya North Luangwa. Anyamata athu opita kukawedza kapena kukafula uchi angathe tsiku lina kupeza tiana ta mkango kapena ta nyalugwe tili tokha pachitsamba. Kodi pamenepo mkhristu wachifundo achite chiyani? Atitole ndi kukatilera kumudzi?

Amene amati inde amakonda kutchula Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912 namwalira mu 1997. Ndiye uja anapangana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti gawo lina la dziko la mfumuyo lipatulidwe, alendo azidzaonamo nyama, ndalama zake zizithandiza eni dziko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ali woyang'anira nkhalango ya Kafue, analera ana awiri amasiye a mkango, nawatcha Big Boy ndi Little Boy. Atasinkhuka anabwera nawo kuchigwa cha Luangwa, ndipo potsiriza anawamasula kumpoto kwa chigwachi. Zonsezi anazilemba m'buku lotchedwa Return to the Wild, limene linatuluka mu 1962.

Nkhaniyi ndi yokomadi, koma tiimvetsetse bwino. Carr anali wantchito wa Boma, wodziwa nyama kuyambira unyamata wake, wokhala ndi mfuti, galimoto ndi anthu omuthandiza. Anatha zaka akuyenda nayo mikangoyo m'thengo kuti iphunzire kudzigwirira nyama. Cholinga chake chinali kuibwezera kwawo. Ndani mwa ife ali ndi zonsezi?

Akale anati walira mvula walira matope. Mwana wa mkango amabadwa maso ali otseka, wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Masabata oyamba afunika kuyamwa kangapo usana ndi usiku, ndiponso kufunditsidwa. Mkaka wa ng'ombe sumuyanja, umamutsegula m'mimba, ndipo ana ambiri oleredwa ndi anthu osadziwa amafera pomwepo. Amayamba kulawa nyama ali ndi miyezi itatu, naleka kuyamwa pa miyezi 6 kapena 7. Wompatsa mnofu wokhawokha wopanda mafupa amamulemaza, chifukwa thupi lake limasowa kashiamu, mafupa nkukhala ofewa, miyendo nkupindika. Amene wapulumuka zonsezi amakula msanga. Mkango wamphongo umafika makilogalamu 180 kapena kupitirira, ndipo umafuna nyama yokwana makilogalamu 7 pa tsiku. Mbuzi imodzi siingathe masiku atatu. Khola la banja liti lingapirire zotere?

Vuto lalikulu koposa ndi lakuti mkango woleredwa ndi manja a munthu umataya mantha, koma zikhadabo ndi chibadwa chake sutaya. Ku Kenya, George ndi Joy Adamson anatchuka chifukwa cha mkango waukazi wotchedwa Elsa, umene anaulera kuyambira mu 1956. Koma mu 1971 mkango wina wozolowera anthu, wotchedwa Boy, unapha wantchito wa George Adamson ku Kora, ndipo Adamson mwini wake anauombera. Ngati zinatheka kwa katswiri wotere, nanga kwa ife amene ana athu amasewera pabwalo tsiku lonse? Achikulire akukumbukiranso mkango wa ku Mfuwe umene unapha anthu 6 mu 1991. Umenewu sunaleredwe ndi munthu ayi, koma unatisonyeza maliro amene amagwa mkango ukaleka kuopa mudzi.

Ngakhale kumene kuli mipanda yolimba ndi madokotala a nyama, zipatso zake sizinakhale zabwino. Ku South Africa alimi ena akhala akulanda ana kwa mikango yaikazi ali aang'ono kuti alendo azilipira ndalama powanyamula ndi kujambulitsa nawo. Ikakula, yambiri mwa mikango imeneyi siingathe kubwerera kuthengo, motero imagulitsidwa kwa osaka amene amaiombera mkati mwa mpanda, kapena imaphedwa kuti mafupa ake agulitsidwe kunja. Mu 2021 Boma la dzikolo linalengeza kuti likufuna kuthetsa malonda amenewa.

Lamulo la dziko lathu nalonso silibisa mawu. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015, limene linathetsa ZAWA ndi kuika ntchitoyi m'manja mwa dipatimenti ya Boma yoona za nkhalango ndi nyama, limati nyama zonse zakuthengo zili m'dzina la Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Wosunga nyama yotere popanda chilolezo wapalamula mlandu, ngakhale atanena kuti anaitola chifukwa cha chisoni.

Nanga Eklezia, mayi wathu, amatiphunzitsa zotani? Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa ndime 2415 mpaka 2418, amatikumbutsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo, ndi kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumanyozetsa ulemu wa munthu. Koma ndime zomwezo zimatichenjezanso kuti tisatayire pa nyama chuma chimene chikadayenera kuyamba chathandiza anthu osauka, ndiponso kuti tisazipatse chikondi choyenera anthu okha. Mu 2015 Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si', anabwerezanso kuti cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu. Motero chifundo chenicheni kwa mkango ndicho kuulola ukhale monga Mlengi anaupangira. Ndipo ngati m'mitima mwathu muli malo a mwana wamasiye, m'miphakati mwathu ana amasiye aliko ambiri, osowa yunifolomu, makope ndi bulangeti.

Tsono makolo, tiwalangize ana athu motere. Choyamba, tiana topezeka tokha sikuti ndi tamasiye. Mkango waukazi umabisa ana ake pachitsamba kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo umawasiya pamene wapita kukasaka. Nyalugwe amachitanso chimodzimodzi. Kawirikawiri make amakhala pafupi, ndipo palibe chilombo choopsa ngati chimene chikuteteza ana. Chachiwiri, asatikhudze, asatiponye miyala, asaitanire agalu. Abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono osathamanga. Chachitatu, akafika kumudzi auze anyakwawa, ndipo iwo atumize uthenga kwa agemu kapena kwa a bungwe la CRB la dera lawo. Ngati make anafadi, eni ntchito ndiwo adzadziwa kumene anawo angasamalidwe. Chachinayi, tileke kutchera mawaya m'thengo, pakuti msampha wotcherera mbawala susankha, umagwiranso mkango woyamwitsa, ana ake nkutsala akufa ndi njala.

Buku la Genesis limatiuza kuti Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ife munda wathu ndi chigwa chino cha Luangwa, pamodzi ndi mikango yake. Lamulungu likudzali, pamsonkhano wa mphakati, tikambirane nkhaniyi ana athu ali pomwepo. Francis Woyera atipempherere, ndipo Ambuye adalitse mabanja athu onse.