Chikalata pa Nkhani ya Thandizo la Kafukufuku kwa Mainjiniya Ongomaliza PhD

Kwa: Akuluakulu a mayunivesite ophunzitsa zauinjiniya, akulu a madipatimenti, Unduna woona za maphunziro a ukachenjede, National Commission for Science and Technology, makampani olemba ntchito mainjiniya, ndi mamembala athu onse.

1. Cholinga cha chikalatachi

Ife, bungwe la mainjiniya ophunzitsa ndi kuchita kafukufuku m'mayunivesite a dziko lino, tatulutsa chikalatachi pofuna kunena poyera maganizo athu pa nkhani ya ma fellowship a ofufuza ongoyamba kumene. Thandizoli limaperekedwa m'dzina la munthu mmodzi kuti alandire malipiro, agule zipangizo ndi kuthera zaka zingapo akufufuza funso lomwe wadzisankhira yekha. Apa ndi pomwe injiniya amasiya kuthandizira ntchito ya pulofesa wake n'kuyamba kutsogolera yakeyake.

Mfundo yathu ndi iyi: ngakhale pa fomu pamalembedwa dzina la munthu mmodzi, mpikisanowu umapambanidwa kapena kulephereka m'dipatimenti fomuyo isanatumizidwe n'komwe. Achinyamata athu sakuchepa nzeru. Chomwe akusowa ndi nthawi, wowawerengera zomwe alemba, ndiponso kalata ya akuluakulu yotuluka pa tsiku lake. Zitatu zonsezi zili m'manja mwa mayunivesite athu, ndipo sizifuna ndalama zakunja.

2. Mipata yomwe ilipo ndi malire ake

Mipata yambiri ya mtunduwu ili kunja, ndipo uliwonse uli ndi malire a zaka omwe amayamba kuwerengedwa munthu akangolandira PhD.

Royal Academy of Engineering ya ku Britain imapereka fellowship ya zaka 5, yogwirira pa yunivesite ya m'dzikomo, kwa injiniya amene sanadutse zaka 4 chilandirireni PhD. Yunivesite iliyonse imaloledwa kutumiza mayina ochepa okha, choncho madipatimenti a kumeneko amayamba achititsa mpikisano wawo wamkati kutatsala miyezi kuti tsiku lotseka lifike. Munthu wolembera pulofesa wa kumeneko m'sabata yomaliza amapeza mayina atasankhidwa kalekale.

Ku Germany, Alexander von Humboldt Foundation ili ndi fellowship ya Georg Forster ya ofufuza ochokera m'mayiko omwe akutukuka kumene. Kwa ongoyamba imakhala ya miyezi 6 mpaka 24, malire ake ndi zaka 4, ndipo wopempha amadzipezera yekha womulandira komanso amayenera kuonetsa kuti kafukufukuyo athandiza chitukuko cha kwawo. European Union ili ndi ma fellowship a Marie Skłodowska-Curie, a chaka 1 mpaka 2, omwe malire ake ndi zaka 8. Amenewa ali ndi lamulo loti wopempha asakhale atakhala m'dziko lomwe akufuna kupitako miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo, lamulo lomwe limakola ambiri ofuna kubwerera ku labotale komwe angochokako.

Mabungwe onsewa amafunsa zinthu zofanana: funso la kafukufuku lomveka bwino, umboni woti wopempha anasindikizapo zotsatira za ntchito yake, womulandira wodziwika, ndondomeko ya zomwe adzachite mwezi ndi mwezi, ndipo ena amafunanso makalata a anthu omudziwa. Onse amachotsera pa zaka zija nthawi yomwe munthu anali pa tchuthi cha uchembere, mfundo yomwe amayi ambiri mwa mamembala athu sauzidwa, mpaka ena amadziyesa otha nthawi asanathe.

3. Momwe zaka zinayi zimathera

Mamembala athu afotokoza nkhani imodzimodzi m'misonkhano yathu. Injiniya amabwera kuchokera ku maphunziro mwezi womwe semesita ikuyamba. Chifukwa anzake anamugwirira ntchito zaka zonse zomwe anali kunja, amapatsidwa makalasi onse omwe anthu anatopa nawo, ena a ophunzira mazana. Masana akuphunzitsa, madzulo ali ndi kalasi ya ogwira ntchito, Loweruka akuchonga mulu wa mapepala a mayeso. Popeza tsopano ndi Dokotala, amaikidwa m'komiti ya mayeso, ya ndondomeko ya maphunziro ndi yogula katundu, ndipo ena amapatsidwa ukulu wa dipatimenti chaka chisanathe. Mitu iwiri ya PhD yake yomwe inayenera kusanduka mapepala osindikizidwa imangokhala mu laputopu.

Amene walimba mtima n'kulemba fomu amakumana ndi mtunda wina. Kalata yotsimikiza kuti yunivesite idzamumasula iyenera kuchoka kwa mkulu wa dipatimenti kupita kwa mkulu wa nthambi, kenako ku ofesi ya kafukufuku, kenako kwa wosayina womaliza, amene mwina ali pa ulendo. Tsiku lotseka likafika, wopemphayo ali pa benchi panja pa ofesi, faelo ili pa mwendo, foni ili m'manja akuyang'ana nthawi, magetsi azima, ndipo akudalira bandulo ya foni yake kuti akweze mapepala. Makina olandirira mafomu sadziwa kuti bwana anali ku msonkhano. Ola likakwana amatseka, ndipo mwayi wina umabwera chaka chamawa, pomwe kwa ena chaka chamawacho ndi chachisanu.

Palinso vuto la bajeti. Wopempha amalemba mitengo ya zipangizo m'makwacha, koma ndalama imabwera patapita chaka. Amene analemba bajeti yake kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023 anaona momwe mtengo wa chipangizo chimodzi choitanitsa kunja ungadyere ndalama ya ntchito yonse. Ofesi ya kafukufuku yodziwa ntchito imatha kuteteza zimenezi polemba bajeti m'ndalama ya wopereka thandizo, koma wachinyamata wolemba yekha usiku sangazidziwe.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Injiniya amene zaka zake zinayi zoyamba zatha osasindikiza kanthu sachedwa kusiya kafukufuku, n'kuyamba kuthamangira maganyu a upangiri kuti adyetse banja. Sitikumudzudzula. Tikunena kuti dziko linamuphunzitsa zaka zambiri, kenako linamutaya m'zaka zinayi.

4. Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya dziko lonse

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, anaima pa nsanamira zitatu: ulimi wa phindu, mafakitale ndi kukula kwa mizinda. Palibe nsanamira mwa izi yomwe ingaime popanda mainjiniya odziwa kufufuza dothi, madzi, zitsulo ndi magetsi a dziko lino.

Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya pafupifupi 130 MW, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi omwe EGENCO imapanga, kwa nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo milatho ndi misewu inakokoloka m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Masokawa anasiya mafunso omwe ndi a uinjiniya weniweni. Kodi ziwerengero za mvula zomwe timagwiritsa ntchito pojambula milatho ndi ngalande zikugwirizanabe ndi mvula ya masiku ano? Dothi la m'mapiri ozungulira Blantyre limamwa madzi ochuluka bwanji lisanagumuke? Mchenga ndi matope olowa mu Shire zikufupikitsa bwanji moyo wa makina opanga magetsi a ku Nkula ndi Tedzani? Funso lililonse mwa awa likufuna munthu woti akhale nalo zaka zitatu kapena zisanu, akuyeza, akulakwitsa, akuyezanso. Katswiri wobwera kwa milungu iwiri sangaliyankhe.

Tili ndi umboni woti zimatheka. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa osakwana masiku kupuma, anapangidwa ndi Rice University ya ku Houston mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo anafalikira m'zipatala za m'maboma. Anagwira ntchito chifukwa funso lake linachokera m'wodi ya kuno, poganizira mtengo ndi zipangizo zomwe amisiri athu angathe kukonza. MUST, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2014, MUBAS, yomwe inaima payokha mu 2021, komanso LUANAR ndi Mzuzu University zili ndi achinyamata otha kuchita zoposa pamenepo.

5. Phunziro la FLAIR

Sitingadalire akunja okha. African Academy of Sciences ndi Royal Society anayambitsa pulogalamu ya FLAIR, yomwe inkapereka ndalama zofika £300,000 pa zaka 2 kwa ofufuza achinyamata kuti agwire ntchito m'mayunivesite a mu Africa momwemuno. Oyamba anasankhidwa mu 2019. Mu 2021 boma la Britain linachepetsa thandizo lake la kunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo pulogalamuyi inadulidwa. Anthu omwe anali atalemba mafomu, ena atafika kale pa mayeso a pakamwa, anangouzidwa kuti ndalama kulibe. Chiganizocho chinapangidwa ku London pa zifukwa za ku London. Dziko lomwe likufuna ofufuza ake liyenera kukhala ndi thumba lakelake, ngakhale laling'ono.

6. Zomwe tikupempha

Kwa akulu a madipatimenti ndi mayunivesite, tikupempha kuti:

(a) mphunzitsi aliyense wongomaliza PhD achepetseredwe makalasi m'zaka 2 zoyamba, ndipo asapatsidwe udindo woyendetsa dipatimenti m'nthawi imeneyi;

(b) dipatimenti iliyonse isunge kaundula woonetsa tsiku lomwe mphunzitsi aliyense analandira PhD ndi chaka chomwe malire ake athere, ndipo mkulu wa dipatimenti akambirane naye za kaundulayu chaka chilichonse;

(c) makalata otsimikiza thandizo la yunivesite atuluke pasanathe masiku 5 a ntchito, ndipo pakhale wosayina wogwirizira mwini wake akachoka;

(d) pakhale gulu la aphunzitsi atatu lowerenga fomu iliyonse isanatumizidwe ndi kuyesa wopemphayo mafunso monga momwe adzafunsidwire;

(e) wopambana fellowship ya kunja apatsidwe tchuthi cholembedwa bwino, malo ake asungidwe, ndipo zaka zimenezo ziwerengedwe pokweza anthu pa ntchito. Tikudziwa mantha omwe alipo akuti opita sabwerera. Munthu amabwerera komwe kuli labotale yogwira ntchito ndi malo omudikira; kumukaniza kalata kumangomuphunzitsa kuchoka osatsanzika.

Kwa Boma ndi National Commission for Science and Technology, tikukumbutsa kuti lamulo la sayansi ndi luso la 2003 linakhazikitsa thumba la kafukufuku, ndiponso kuti mayiko a mu African Union anagwirizana zoika 1 peresenti ya chuma chomwe dziko limapanga pa chaka ku kafukufuku. Tikupempha kuti gawo la thumbali lipatulidwe kukhala ma fellowship a zaka 3 a mainjiniya ongomaliza PhD, olengezedwa mwezi womwewo chaka chilichonse, ndipo mbali ina ya ndalamayo ilipire mphunzitsi wogwirizira makalasi. Tikupemphanso kuti zipangizo za kafukufuku zipezeredwe njira yachangu ya ndalama zakunja ndi yotulutsira katundu pa chipata.

Kwa makampani ndi mabungwe a boma oona za magetsi, madzi, misewu ndi zomangamanga, tikupempha kuti atsegule zitseko. Ziwerengero za kayendedwe ka madzi, za kuonongeka kwa makina ndi za kulimba kwa misewu zomwe zili m'mafaelo awo ndi chuma chomwe wofufuza wa kunja alibe. Kalata yolola wachinyamata kuzigwiritsa ntchito imalimbitsa fomu yake kuposa mawu okoma alionse.

7. Kwa mamembala athu achinyamata

Werengani malamulo a fellowship musanalembe chiganizo choyamba, ndipo muwerengere nokha zaka zanu. Yambani kufunafuna wokulandirani kutatsala chaka, ndipo pomulembera tchulani ntchito yake yomwe mwawerenga ndi chipangizo cha mu labotale yake chomwe funso lanu likufuna. Musabwereze PhD yanu. Oweruza akufuna kuona funso latsopano lomwe ndi lanu. Musalembe kuti mudzathetsa vuto la magetsi m'Malawi. Lembani chomwe mudzayeze, pa mtsinje uti kapena pa makina ati, ndi njira iti, komanso chomwe mudzachite njirayo ikakanika. Tumizani kutatsala masiku awiri. Mukakanidwa, werengani ndemanga za oweruza pamodzi ndi mnzanu wamkulu, konzani, ndipo tumizaninso. Ambiri omwe anapambana anayamba akanidwa.

8. Zomwe bungwe lathu lichite

Sitikupempha ena zomwe ife sitingachite. Bungwe lathu lisindikiza kalendala ya masiku otsekera mafomu kumayambiriro kwa chaka chilichonse. Mamembala aakulu, kuphatikizapo omwe ali ku South Africa, Britain ndi kwina, adzipereka kuwerenga mafomu a achinyamata mwaulere, ndipo omwe anapambanapo alola kuti mafomu awo aonedwe ndi ena. Chaka chilichonse tidzapempha dipatimenti iliyonse kuti itiuze chiwerengero cha aphunzitsi ake omwe ali m'zaka 4 zoyamba, omwe analemba mafomu, ndi masiku omwe makalata awo anatenga, ndipo mayankhowo tidzawafalitsa.

Tikupempha onse omwe chikalatachi chawafikira kuti atiyankhe polemba semesita ikubwerayi isanathe. Komiti yathu ndi yokonzeka kukumana ndi aliyense wa iwo kuti tigwirizane za tsiku loyambira mfundo zimenezi.

Chasayinidwa m'malo mwa mamembala onse,

Wapampando
Mlembi Wamkulu