Makina oitanira nkhandwe: mphwanga, usagule ndi maso

Alimi anzanga, sabata ino ndikutengerani kutali pang'ono, kutsidya kwa nyanja yamchere. Musatembenuze tsamba msanga, chifukwa nkhaniyi ikathera pa khola lanu lomwelo la mbuzi.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zaulimi ku America m'chigawo cha Nebraska, ndipo nthawi ya tchuthi amagwira ganyu pa famu ina ya nkhosa. Mwezi wathawu anandiimbira lamya mawu ali ndi nkhawa. "Amalume, ndithandizeni nzeru. Chilombo chotchedwa coyote chinatigwirira ana a nkhosa angapo nyengo yathayi, ndiye eni famu, amene ndi mayi wamasiye wachikulire, andipatsa madola 600 kuti ndikasankhe makina oitanira chilombochi kuti tichiombere. Ndikalakwitsa, ndalama yapita, ana a nkhosanso apita." Ndinamuyankha pa lamya pomwepo, koma ndaona kuti yankho langalo ndi loyenera kuti nanunso mulimve.

Coyote ndi nkhandwe ya ku America. Amaoneka ngati galu wowonda wa mlomo wosongoka, amalemera makilogalamu pakati pa 9 ndi 20, ndipo amakuwa usiku moyankhizana ndi anzake. Kale ankapezeka m'madambo ndi m'zipululu za kumadzulo ndi pakati pa dzikolo, koma lero ali m'zigawo zonse kupatula Hawaii, walowa ngakhale mu mzinda wa Chicago, ndipo kummwera wafika mpaka ku Panama.

Makina amene akunenedwawa ndi kabokosi kokhala ndi chimkuzamawu ndi mabatire, ndipo m'kati mwake anasungamo kulira kwa nyama zosiyanasiyana. Mlenje amakaika kabokosiko patali mamita 30 kapena 50, iye nabisala pachitsamba ali ndi rimoti m'manja. Akadina, kabokosiko kamalira ngati kalulu wogwidwa, ndipo coyote amathamangira komweko poyesa kuti wapeza ndiwo yaulere. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Agogo anga ankatsina mphuno nalira ngati kamwana ka gwape, gwape wamkulu n'kutulukira yekha. A ku America anangoika nzeru yomweyo m'makina. M'zaka za m'ma 1960 a Johnny Stewart a ku Waco, ku Texas, anali atayamba kale kugulitsa kulira kwa nyama kojambulidwa pa mbale za galamafoni, kenaka pa makaseti. Lero makampani monga FOXPRO ya ku Pennsylvania, ICOtec ndi Lucky Duck akupikisana pa msika, ndipo mitengo imayambira pansi pa madola 100 kukafika pa 600 ndi kupitirira.

Mawu anga oyamba kwa mphwanga anali akuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Wogulitsa adzakuonetsa makina okhala ndi mitundu ya kulira yoposa 100 ndi timagetsi tophethira, koma coyote sawerenga zolembedwa pa katoni. Iye amamva ndi khutu, ndipo khutu lake ndi lakuthwa zedi. Choncho choyamba kuyang'ana ndi chimkuzamawu. Uchikweze mpaka pamapeto muli m'sitolo momwemo. Ngati chikusasa mawu ngati wailesi yotha mabatire, chisiye. Uchitsitsenso mpaka pansi, chifukwa mlenje wodziwa amayamba ndi mawu apansipansi kuti asadzidzimutse chilombo chimene chagona pafupi, kenaka ndi pamene amakweza.

Chachiwiri ndi rimoti ndi mabatire. Mtunda umene amalemba pa katoni amauyesa pabwalo loyera, koma kabokosi kakaikidwa pansi m'maudzu kapena kuseri kwa chulu, mtundawo umafupika. Rimoti ikhale ya mabatani akuluakulu otheka kudina utavala magolovesi, pakuti nyengo yabwino yosakira kumeneko ndi yachisanu, pamene madzi amaundana ngati mwala. Kuzizira koteroko kumapha mabatire wamba msanga, ndipo a lithiamu ndiwo amapirira. Makina ofera pakati pa ntchito ndi chimodzimodzi khasu loguluka m'mawa wa tsiku lodzala.

Chachitatu ndi mitundu ya kulira. Pa ntchito yoteteza nkhosa, mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi ikukwana: kalulu wamng'ono, kalulu wamkulu wa m'dambo, kambalame kogwidwa, kukuwa kwa coyote wachilendo, ndi kulira kwa ana a coyote ali pamavuto. Chofunika ndi chakuti makinawo alole kuonjezeramo kulira kwina mtsogolo. Chifukwa chake n'chakuti coyote amene anaitanidwa ndi kulira kwa kalulu, naomberedwa koma n'kuphonyedwa, sabweranso ku kulira komweko. Waphunzira, ndipo mphunzitsi wake ndiwe. Ndinamukumbutsanso kuti palibe makina amene angagonjetse mphepo: coyote amazungulira kaye kuti anunkhize, ndipo fungo la munthu likamufika wapita. Komanso malamulo a kusaka amasiyana chigawo ndi chigawo, choncho ayambe wafunsa ku ofesi ya zanyama asanatulutse ndalama.

Tsono maganizo anga enieni ndi awa. Ndinamuuza mphwanga kuti agule makina a mtengo wapakati, ndipo ndalama yotsalayo akapemphe mayi aja kuti ipite ku mpanda ndi ku galu wolondera. Ena adzati ndikupeputsa vuto, adzati chilombo chodya ziweto mankhwala ake ndi chipolopolo basi. Ine ndikuti tiyang'ane mbiri. Mu 1931 boma la America linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi zilombo zoononga ziweto, ndipo kwa zaka zambiri anathira poizoni, natchera misampha, naombera ali m'ndege, mpaka mu 1972 Pulezidenti Richard Nixon analetsa poizoni wa zilombo pa malo a boma. Mu 2012 chigawo cha Utah chinayamba kulipira madola 50 pa coyote aliyense wophedwa. Mpaka pano nthambi ya boma ya Wildlife Services imapha zilombozi zikwi makumi angapo chaka ndi chaka. Nanga coyote watha? Ayi ndithu, wafalikira kuposa kale.

Chifukwa chake akatswiri anachipeza. Coyote amakwerana pakati pa Januwale ndi Malichi, bere limatenga masiku 63, ndipo amaswa ana pafupifupi 6. Mukapha ambiri m'dera, otsalawo amapeza chakudya chochuluka, ana ambiri amakula, ndipo achilendo amalowa m'malo osiyidwawo. Mu 1975 akatswiri awiri a ku California, a Connolly ndi a Longhurst, anawerengetsa kuti ngakhale mutamapha atatu mwa anayi alionse chaka chilichonse, pangatenge zaka zoposa 50 kuti muwathe. Kafukufuku wa pa famu ya sukulu ya ukachenjede ku Hopland, ku California komweko, anasonyezanso kuti amene amagwira nkhosa kwambiri ndi banja limene malo ake akhudzana ndi busa. Tsoka lake, kulira kwa kalulu kumakopa msanga ana opusa ndi ongodutsa, pamene mbala zenizenizo ndi zochenjera. Mungathe kupachika zikopa khumi pa mpanda, ana a nkhosa n'kumasowabe.

Sindikunena kuti makinawa ndi achabe. Pamene banja lina la coyote lazolowera nyama ya nkhosa, kuliitana ndi kukuwa kwa mlendo kapena kulira kwa ana pafupi ndi pomwe lagwira ndi njira yolunjika pa wolakwa, ndipo ndi yabwino kuposa poizoni amene amapha galu wa mnansi ndi miimba yomwe. Koma makina amagwira ntchito mphindi 20 kapena 30 pamene mlenje wakhala pansi, pomwe galu wolondera wa mtundu wa Great Pyrenees kapena Akbash, woleredwa pakati pa nkhosa kuyambira ali mwana, amagwira usiku ndi usana. Ena kumeneko amaika bulu pakati pa nkhosa, chifukwa bulu amadana ndi chilichonse chofanana ndi galu.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Abale athu amene amagwira ntchito m'mafamu a nkhosa ku Karoo, ku South Africa, akuwadziwa makinawa, pakuti kumeneko amaitanira nawo nkhandwe usiku, ndipo nkhondoyo yatha zaka zoposa 100 nkhandwe zilipobe. Ku Namibia bungwe la Cheetah Conservation Fund linayamba mu 1994 kugawira alimi agalu akuluakulu a mtundu wa Anatolian, ndipo ambiri anaona ziweto zawo zikuleka kusowa. Kuno kwathu mdani ndi fisi. Akatswiri a zanyama amaitana afisi ndi chimkuzamawu pofuna kuwawerenga m'nkhalango, choncho lamya ya m'manja ndi sipika ya mowa zingathe kuchita zomwezo. Mnyamata wina asayerekeze kuyesa zimenezi pafupi ndi mudzi. Mudzaitana chilombo chimene mulibe nacho chochita, ndiponso lamulo la zanyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mvula isanagwe, pitani mukagwedeze mitengo ya khola lanu, musinthe imene yadyedwa ndi chiswe, mutseke mipata ya pansi, chitseko chikhale cha matabwa, ndipo mbuzi zilowe dzuwa lisanalowe. Mphwanga wandiuza kuti anagula makina a madola osapitirira 300, ndipo mayi aja avomera kufunafuna kamwana ka galu. Ana a nkhosa akayamba kubadwa mu Epulo, ndidzakuuzani pa tsamba lomwe lino kuti wagwira ntchito ndani pakati pa kabokosi ndi galu.