Za Kulemba Aphunzitsi a Mpira: Cibale Kapena Nchito?

Abale athu okonda mpira, tiri ndi mau pa za kalembedwe ka aphunzitsi m'matimu. Akuru anati cibale ndi fupa, siciola. Koma fupalo silimwetsa cigoli.

Taonani Kalisto Pasuwa. Munthuyu anatengera Dynamos ya ku Harare ligi zaka zinai zotsatana, 2011 kufikira 2014. Kumeneko anali mwana wa pakhomo, popeza anasewerapo m'timu yomweyo, ndipo wina akadati anamkweza cifukwa ca kudziwana. Koma m'caka ca 2018 a Nyasa Big Bullets anamuitana ku Blantyre, kumene anali mlendo, poona mbiri ya nchito yace. Iye anawatengera ligi kasanu motsatana, ndipo mu 2023 anasesa zikho zonse zinai za m'dzikomo. Mlendo anadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Komatu nkhawa yathu siiri pa mphunzitsi wamkuru ai. Iyeyo ali poyera. Akagonja katatu anthu a m'bwalo amkuwiza, ndipo akomiti acita manyazi. Cibale cilowera ku khomo la kuseri, pa mipando ya othandiza: wophunzitsa agoloboyi, wolimbitsa matupi, wolera timu ya ana. Kumeneko nkwapafupi kulowetsa mphwace wa mkuru wa komiti, kapena mnzace wa kumowa, osalengeza malowo, osafunsa ngakhale setifiketi ya CAF. Ati ndi mipando yaing'ono.

Ife tikana. Peter Mponda anakhalapo pa mpando wotere, kuthandiza Pasuwa ku Bullets. Mu 2024 a Silver Strikers a ku Lilongwe anampatsa mpando wa mphunzitsi wamkuru, osawerengera kuti ndi mwana wa adani ao, ndipo iye anawapatsa ligi caka comweco. Mpando wa wothandiza ndiwo sukulu ya mphunzitsi wa mawa; mukakhazikapo mlamu wosadziwa kanthu, mwatseka sukuluyo.

Tidziwa kuti mphunzitsi wamkuru afuna kugwira nchito ndi munthu womkhulupirira, ndipo ici sitiletsa. Koma amchule poyera pamaso pa komiti, aonetse mapepala ace ndi matimu amene anaphunzitsapo, ndipo ena ofuna malowo amvedwenso. Pakuti alipo anyamata amene anasiya kusewera, nalipira ndalama zao kuphunzira uphunzitsi. Akaona kuti khomo litsegukira acibale okha, asiya mpira napita kukafuna nchito zina.