Musamcotse Mphunzitsi

Abale a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndamva kuti ena mufuna kucotsa mphunzitsi cifukwa anyamata ace anagonja pa mpira. Mulibe manyazi kodi?

Tamverani za James Naismith, amene anaphunzira ubusa ku Montreal. Ndiye anayamba basketball mu 1891, napacika madengu awiri oponyamo mpira. Pophunzitsa masewerawo pa sukulu yaikuru ya Kansas, 1898 kufikira 1907, anapambana ka 55, nagonja ka 60. Mwini masewera ameneyo! Koma sanampitikitsa, anakalambira pomwepo, ndipo wophunzira wace Phog Allen anadzatengera Kansas cikho ca dziko lonse mu 1952.

Inu amene mukuwa lero, munali kuti polambula bwalo padzuwa la October lija? Ndinaona khasu limodzi lokha, la mphunzitsiyo.