Zaulere kwa Yani?

Amatiuza kuti kuyezetsa chifuwa chachikulu cha TB n'kwaulere. Ine ndikuti ayi. M'chaka cha 2007, a Bertha Simwaka ndi anzawo adasindikiza kafukufuku wa mumzinda wa Lilongwe. Adapeza kuti wodwala wosauka ankataya ndalama zimene amapeza pafupifupi miyezi iwiri ndi theka, poyendera zipatala ndi kujomba kuntchito, asanauzidwe n'komwe nthenda yake.

Ngati m'tauni zidali choncho, nanga mlimi wa ku Nsaru kapena Kabudula, wodalira njinga? Vuto n'lakuti zonsezi zidalembedwa m'Chingerezi. Inu aphungu athu, masulirani kafukufukuyu m'Chichewa, mukatiwerengere pabwalo la amfumu. Tikadziwa, tidzakufunsani mwachitapo chiyani. Paja safunsa adadya phula.